Chipika Chopanda Khungwa

Agogo anga aamuna, a Kambiya, ankanunkha utsi wa zibanthu. Ndikapala thabwa la mlombwa, fungo lake likandilowa m'mphuno, ndimawaona ali pakhonde la kanyumba kawo, miyendo ili tambalale, chipika chili pakati pa mawondo, nsompho ikugwa go! go! go! kuyambira mame asanakamuke mpaka dzuwa kupendeka, zibanthu zikuwagwera m'ndevu ndi m'makutu, kamoto kakufuka pambali, nkhuku zikupalasa m'utuchi kufuna mphutsi za m'mitengo yofumbwa. Sanali munthu wocheza. Ine ndinatengera iwo, ndipo sindipepesa kwa munthu.

Ntchito yawo inali kusema mitondo, minsi, zipande, mipini ndi timipando. Mtengo ankaudziwa ngakhale utauma, ngakhale utapsa mbali imodzi. Ankaugogoda ndi mutu wa nsompho n'kutchera khutu. Ankasema kachibanthu, n'kukanunkhiza, n'kukaika pa lilime, kenaka n'kukaponya pamoto kuti aone utsi wake. Mlombwa ankaudziwira fungo lokoma ndi madontho ofiira ngati magazi ouma. Muwanga ankaudziwira kulemera ndi kubunthitsa nsompho. M'bawa unkawawa pa lilime. Mkuyu ankangounyamula ndi dzanja limodzi n'kuutaya uko, ati nkhuni za anyamata osakwatira. Nyumba ikapsa m'mudzi, eni ake ankakoka nsichi zakuda bii kubwera nazo kwa agogo kuti awauze yoti n'kumangiranso ndi yoti n'kusonkhera moto. Sankaphunzitsa ndi pakamwa. Ukafunsa ankakupatsa chibanthu kuti ulawe wekha, ndipo ukakwinya nkhope ankati, "Eya, suiwalanso."

Zimenezi zinali zaka zomwe azungu a boma anali atangotsegula msewu wochoka ku Mponela kukwera m'mapiri a Ntchisi, ndipo fodya wa chikopa anali atangolowa kwathu. Msewu unadya mitengo, fodya naye anadya mitengo. Zigafa zinkafuka osapuma, ndipo mitengo ikuluikulu ya pafupi ndi mudzi inathera m'menemo. Bambo anga anali atapita ku Halale kukagwira ntchito, osabwerako. Ife tinatsala ndi amayi, a Nabanda, pamudzi pawo. Agogo aakazi anali atamwalira kale. Mwa mwambo, agogo aamuna akanabwerera kwawo, poti anali mkamwini chabe pamudzipo, koma sanapite, ndipo za kwawo sankazitchula. Mwini mbumba anali mwana wawo weniweni, atsibweni anga a Zakeyo, mlongo wawo wa amayi. Choncho pa nkhani za nyumba yathu, mawu a mwana ankalemera kuposa a bambo wake. Ndi mmene zinalili, ndipo panalibe wodabwa nazo.

Chaka chimenecho mtondo wa amayi unang'ambika kuchokera kukamwa mpaka kutsinde. Agogo anaumanga ndi chikopa chachiwisi, unagwira pang'ono, kenaka unatseguka ngati dzungu logwa padenga. Mtengo woti n'kusemera wina panalibe pafupi, ndipo mphamvu zogwetsa mtengo waukulu kuphiri n'kuukoka zinali zitawathera agogo. Amayi anayamba kubwereka. Inu a masiku a zigayo simungadziwe manyazi ake. Mkazi wobwereka mtondo amadikira eni ake amalize. Amasinja dzuwa lili paliwombo, anzake ali pamthunzi akulukana tsitsi. Ndinkawamva akazi a kuseri kwa nkhokwe akuti, "Afika aja, alendo athu a tsiku ndi tsiku. Mwabwera ndi munsi wanu, kapena umenewonso tikupatseni?" Amayi ankaseka nawo. Pobwerera kunyumba, lichero lili pamutu, sankaseka.

Kumapeto kwa dzinja mvula inagwa yoopsa m'mapiri, mtsinje wathu unadzaza n'kukokolola mlatho wa pa msewu wa boma, umene unali kumtunda kwa mudzi. Madzi ataphwa, ndikudyetsa mbuzi m'mbali mwa mtsinje, ndinapeza chipika chitakodwa pamchenga pakati pa bango. Chinali chachikulu moti manja anga sanakumane pochikumbatira, chowongoka, cholimba ngati fupa, chopanda khungwa ndi pang'ono pomwe. Omanga mlatho anachisenda, dzuwa linachiwaula, madzi anachitsuka, matope anachidetsa. Ndinathamanga kukauza atsibweni. Anasonkhanitsa amuna, anachikoka ndi zingwe za luzi akuimba, n'kuchigwetsa pakhomo pa agogo. A boma sanachifunefune, anali atayamba kale kudula mitengo ina.

"Bambo, mtondo wa mlongo wanga uwu," anatero atsibweni. "Dulani mbali yakutsindeyi. Mwezi ukaoneka ndili ndi dima lokolola fodya, mudzi wonse ubwera kudzandithandiza, ndipo mowa wake afulule ndi iyeyu. Chimera chonsecho sangakasinjire kwa eni."

Amayi anaima pakhomo akupukuta manja pansalu, maso ali pa chipika. Sindinawaonepo akuyang'ana chinthu choncho.

Agogo anachizungulira. Anagogoda, chinalira ngati mwala. Anasema kachibanthu, mkati munaoneka mofiirira, mizere yake yopotana. Ananunkhiza, nayetsemula. Anaika pa lilime, nalavula msanga, n'kutsuka m'kamwa ndi madzi, chinthu chimene sankachita ndi mtengo wina. Anaponya pamoto, natikankhira ife ana kutali ndi utsi. Ananyika zibanthu zina m'phale la madzi, madziwo anasanduka ngati a m'chithaphwi cha pa katondo. Tsiku lonse anali pa chipikacho. Dzuwa likulowa, atsibweni anabwera kuchokera kuchigafa.

"Mwayamba?"

"Ayi."

"Ndi muwanga umenewu. Wakhungu yemwe angaudziwe."

"Mwina ndi muwanga. Mwina ndi mkalati wokalamba. Sindikuudziwa."

Atsibweni anaseka. "Inu? A Kambiya enieni? Mtengo wakukanikani?"

"Wandikanika. Wakhala padzuwa, wakhala m'madzi, wataya fungo, wataya khungwa. Wangotsala ndi kuluma m'mphuno." Agogo anagogodanso chipikacho. "Uliponso mtengo wina wolemera chonchi, umene chiswe sichiudya, umene umamera m'makhwawa a kuphiri. Sindinausemepo, choncho mkati mwake sindimudziwa. Ndimadziwa khungwa lake lokha."

"Mtengo wanji?"

"Mwavi."

Amayi anagwira pakamwa. Ife ana tinkalidziwa dzinalo ngakhale kuti boma linali litaletsa zimenezo. Mwavi ndi umene kale ankamwetsa anthu oganiziridwa ufiti. Ankasinja khungwa lake n'kulisungunula m'madzi. Wosanza ankati alibe mlandu. Wakufa ankati ndiye mfiti, ndipo mtembo wake sunkaikidwa pamodzi ndi abale ake.

Atsibweni sanali munthu wopusa, ndipo sindifuna wina aganize choncho. Anali wolimbikira, wachangu, wodana ndi kuzengereza. M'mawa mwake anagwira msoti wawo, anatenga madzi ofiira a m'phale muja, nauthira kukhosi anthu akuona. Msoti unapukusa mutu, unadzandira, unabwezako pang'ono, kenaka unapita kudzala kukajompha nyerere. Dzuwa linakwera, msoti uli bwinobwino.

"Mwaona, bambo? Si mwavi."

"Ndaona nkhuku yamwa madzi a tizibanthu towerengeka. Mtondo amasinjiramo tsiku ndi tsiku, munsi ukupala mkati, utuchi ukulowa mu ufa. Ana awa adya zaka zingati?"

"Chabwino, tinene kuti ndi mwavi," anatero atsibweni, akutembenukira anthu kuti onse amve. "Nanga tikuopa chiyani? Mwavi umapha mfiti. Nkhuku yanga si mfiti, ndiye iyo ikuyenda. M'nyumba mwa mlongo wanga muli mfiti? Mwa inu nonse amene mudzamwe mowa wanga, ilipo mfiti? Ngati ilipo, ndiye kuti mtondowu utithandiza ntchito!"

Anthu anaseka, ndipo ambiri anavomera, chifukwa ndi mmene tonse tinkakhulupirira, ngakhale ife amene tinkaimba nyimbo za Mulungu kusukulu ya m'mudzi. Tsono taonani msampha wake. Kuyambira pamenepo, aliyense wokana mtondowo akanaoneka ngati ali ndi chifukwa chouopera. Amayi anaweramitsa mutu.

Agogo anaimirira pang'onopang'ono atatsamira mpini wa nkhwangwa.

"Zakeyo, mayi anga anamwa mwavi ine ndikuona. Ndinali msinkhu wa mnyamata uyu. Anali munthu woopa ngakhale kupha nkhuku. Sanasanze." Anapukuta ndevu. "Mwavi susankha. Umangopha."

Aka kanali koyamba kuwamva agogo akutchula za kwawo, ndipo sanabwerezenso. Atsibweni anayang'ana pansi, koma sanagonje.

"Pepani, bambo. Koma inu nomwe mwanena kuti simukuudziwa. Mbumba ndi yanga. Mwezi ukaoneka mtondo kulibe, ndiitana a Kapalasa a ku Bowe adzaseme. Iwo safunsa mtengo dzina."

"Usanawaitane, undidikire."

"Mukupita kuti?"

"Kukafunsa chitsa. Chipika chilibe khungwa, koma chitsa chake chili nalo."

Anabenthula kachigamba kumapeto kwa chipika, mbali imene nkhwangwa ya odula inasiya mabala. Anandionetsa ndi chala: pa bala lililonse panali timizere tiwiri totukuka, toyandikana, chifukwa nkhwangwa imene inagwetsa mtengowo inali yobenthuka kukamwa. Anayeza kukula kwa chipika ndi luzi n'kumanga mfundo. Zonsezi anaziika m'thumba lawo la chikopa cha mbuzi. Maso awo anali atayamba kuchita nkhungu, choncho anati, "Mphwanga, tiye, undibwereke maso." Ankanditchula mphwanga, monga agogo amachitira ndi adzukulu awo. Sukulu ndinajomba, ndipo aphunzitsi anandikwapula nditabwerako. Zikoti zimenezo sindinazidandaule.

Amayi anatikazingira chimanga ndi kutiotchera mbatata. Potiperekeza, titapitirira nkhokwe zomaliza, anafunsa chapansipansi, "Bambo, nanga mukakapeza kuti si mwavi?"

"Ndidzakusemera ndi manja anga, anthu aseke mmene angathere."

"Nanga mukachedwa?"

"Usasinjiremo."

"Ndikana bwanji, mwamva mmene anenera achimwene?"

"Ndiwe mwana wa mayi ako. Upeza njira."

Tinayambira pa mlatho wokokoloka uja, pomwe amuna a thangata anali kukumba maenje atsopano. Agogo anafunsa mmodzimmodzi za amene anadula mitengo ya mlatho wakale. Ena anati sakudziwa. Ena anaganiza kuti tatumidwa ndi boma, nabisa nkhope. Mmodzi anati gulu lija linali la anthu a cha ku Malomo. Tinayenda. Njira za kumeneko ndi zitunda ndi zitsetse, miyala yokhayokha, tsekera wotalika kuposa munthu, wonyowa ndi mame mpaka dzuwa litakwera, nkhungu ikutsetsereka m'zigwa, anyani akutitukwana ali pa matanthwe, mphepo ya kuphiri ikulowa m'nsalu ngati madzi. Agogo anali ndi bondo lotupa ndi ming'alu kumapazi. Ankayenda pang'ono, n'kuima, n'kuyendanso. Posakhalitsa ming'alu inayamba kuchucha magazi. Anang'amba nsalu yawo m'mphepete n'kumanga. Ndinati, "Agogo, tibwerere." Anati, "Bwerera, njira ukuidziwa." Sindinabwerere, ndipo sindinanenenso.

Tinkagona m'midzi ya eni, agogo akuthokoza malo pokonza mipini ya makasu m'mawa tisananyamuke. Anthu akamva chimene tikuyendera ankayang'anana. Mayi wina anandipatsa mtedza m'manja n'kundinong'oneza kuti, "Agogo akowa mutu ukuyenda bwino?" Ndinalandira mtedzawo, funsolo ndinalisiya pomwepo.

Ku Malomo tinapeza mkulu wina wa diso limodzi, a Chiponda, amene anagwira nawo thangata pa mlatho uja. Anali pakhonde akuluka dengu.

"Mwayenda mtunda wonsewu chifukwa cha chikuni?" anatero a Chiponda. "Achimwene, akazi anakuthawani kodi, kuti mukusowa chochita?"

"Anandithawira kumanda. Mitengo munadula kuti?"

A Chiponda anasiya kuseka. Anati yambiri inali ya m'mbali mwa msewu, koma ikuluikulu yogoneka pansi pa mlatho inakadulidwa kukhwawa la m'munsi mwa phiri la Ntchisi. Kapitawo anali mlendo wochokera kutali, kum'mwera, ndipo ankangoloza mtengo ndi ndodo.

"Ife eni dera tinakana kudula kumeneko, tinati tatsegula m'mimba tonse tsiku limodzi. Anadula ndi anyamata ake amene anabwera nawo. Ife tinangokoka, atasenda kale."

"Munakaniranji?"

"Pitani mukaone nokha. Ine pakamwa panga sipatchula zimenezo. Boma lili ndi makutu aatali."

Titachoka ndinati basi tadziwa, tibwerere. Agogo anati, "Tadziwa kuti kumeneko kuli mwavi. Kulinso miwanga, kulinso mikalati. Chathu n'chiti? Atsibweni ako ukawauza kuti wamva kwa munthu wa diso limodzi?"

Njira ya kukhwawako inadutsa pa bwinja lina, pomwe panali nsatsi zambiri, mapale osweka, ndi mphero yogona m'udzu. Agogo, amene ankafunsa njira paliponse, apa sanafunse. Anadziwa pokhotera, anadziwa pomwe panali chitsime. Anayenda msanga kuposa masiku onse, maso ali kutsogolo, bondo lotupa lija ngati si lawo. Ndinazindikira kuti bwinjalo ndilo linali kwawo.

Khwawalo linali la mdima ngakhale masana, lozizira, lonunkha masamba owola, madzi akulira pansi pa miyala, mitengo yotalika yoti poiyang'ana nsonga khosi limapweteka. Zitsa tinazipeza zambiri, zina zitamera ndere, zina zitaphukira. Agogo ankagwada pa chilichonse n'kuzunguliza luzi lija. China chinachepa. China chinakula. China, cha m'mphepete mwa khwawa, chinakwana bwino ndipo chinali cha muwanga. Koma nditapala ndere ndi mpeni, mabala a nkhwangwa anali osalala, opanda timizere.

"Si chathu," anatero agogo atayendetsapo chala.

"Mwina anasintha nkhwangwa."

"Ukufuna chikhale chathu chifukwa watopa. Tiye."

Chitsa chathu chinali kumunsi kwenikweni, mizu yake ili m'madzi. Luzi linakwana, mfundo inafika pomwe inayenera. Ndinapala pamwamba, timizere tiwiri tija tinaoneka pa bala lililonse, ndipo titaika kachigamba kathu pambali, zinali ngati mwana ndi mayi wake. M'mbali mwa chitsa munali mphukira zofika m'chiuno, masamba ake obiriwira mwakuda, onyezimira, a kunsonga ofiirira. Khungwa linalipo, lokhakhala, lakuda. Cha m'munsi linali ndi zipsera zakale pomwe amapondera, anthu osinja mwavi aja, ankabenthula. Agogo anaika dzanja pa chipsera chimodzi, nakhala choncho nthawi yaitali. Kenaka anatema ndi nsompho, mkati mwa khungwa munaoneka mofiira ngati nyama.

"Yang'ana bwino, mphwanga. Nunkhiza chapatali. Usalawe." Anasema chitsacho mpaka kufika pamtima, nandionetsa mizere yopotana ija. "Tsopano tonse awiri taudziwa."

Anabenthula kachigamba pamwamba pa chitsa pomwe panali timizere, anathyola nthambi ya mphukira, anakulunga khungwa m'masamba aakulu, nasamba m'manja ndi mchenga. Potuluka m'khwawamo dzuwa linali likulowa, ndipo kumadzulo, pamwamba pa zitunda, tinaona mwezi watsopano uli ngati chikhadabo.

Ulendo wobwerera sindiufotokoza. Agogo anayenda atatsamira ndodo mbali ino, phewa langa mbali inayo, osakonza mpini wa munthu, akungoti "tiye" ndikafuna kukhala pansi.

Tinalowa m'mudzi masana. Ndisanaione nyumba yathu ndinaona zibanthu zofiirira zili mbwee pabwalo. Atsibweni anali atasunga mawu awo. A Kapalasa anali atabwera, atasema, atapita. Mtondo unaima pakhomo pa amayi, wosalala, wa m'chiuno mopyapyala, wokongola kuposa yonse ya m'mudzimo. Ndinene zoona, a Kapalasa dzanja anali nalo, ngakhale ndinamva kuti anachoka maso ali psuu, akuyetsemula ndi kutukwana chimfine cha kwathu. Pambali pa mtondo panali mphasa ya chimera chouma, chodikira munsi. Koma mumtondomo munali madzi odzaza mpaka kukamwa.

Atsibweni anali chiimire, akukalipa. "Mlongo, madzi amenewa atha liti? Dzana unati mawa, dzulo unati mawa! Anthu a dima adzamwa chiyani, mawa akowo?"

"Mtondo watsopano umayamba wamwa madzi, achimwene, apo ayi ung'ambika ngati uja. Amayi ankatero."

Mwambo umenewo kulibe. Ndakhala ndi mitengo moyo wanga wonse, sindinaumvepo. Amayi anaupeka okha, naugwiritsitsa, akuonjezera madzi m'mawa uliwonse, anzawo akunong'ona kuseri kwa nkhokwe kuti kodi a Nabanda akuopa chiyani.

Agogo sanapereke moni. Anatsegula thumba, anaika khungwa ndi nthambi ija pakamwa pa mtondo, n'kugoneka tizigamba tiwiri tija pansi, ka chipika ndi ka chitsa. Akuluakulu amene anali pafupi anabwerera m'mbuyo. Nkhalamba ina yaikazi inakoka mdzukulu wake n'kumubisa kumsana. Panalibe wofunsa dzina la masambawo. Atsibweni anatola tizigambato, nayendetsa chala pa timizere, aka kenaka ako.

"Nkhuku ija ikadali moyo, bambo," anatero, koma mawu anali atatsika.

"Ikhale ndi moyo. Ndipatse nkhwangwa."

Agogo anagubuduza mtondo, madzi ofiira anayenderera pabwalo. Anakweza nkhwangwa natema pakamwa pake. Nkhwangwa inadumpha ngati yamenya thanthwe. Anatemanso. Nsanza za kumapazi zinali gwa ndi magazi ouma, thukuta likutsika m'ndevu. Amuna anangoima. Kuthandiza kukanakhala kunyoza mwini mbumba, komanso panalibe wofuna kuoneka woopa mwavi. Pamapeto pake nkhwangwa inaluma pang'ono n'kukanirira momwemo, agogo osatha kuizula, osatha kuilowetsa.

Amayi analowa m'nyumba, natuluka ndi munsi wawo. Anauyang'ana mtondo uja kamodzi.

"Gwirani mpini, bambo."

Anakweza munsi monga amachitira pokonola, naugwetsa pamutu pa nkhwangwa. Anabwereza, nabwereza, akupuma mokoka ngati mkazi aliyense pamtondo, mudzi wonse ukuona, mpaka mtengo unalira, mng'alu unatsika, mtondo unagawika pakati. Ndiko kusinja kokha kumene amayi anasinja pa mtondo umenewo.

Zidutswa, zibanthu ndi chipika chotsala tinakazikwirira m'nkhuti yakale kutali ndi chitsime, poti agogo analetsa kuziotcha. Chimera cha dima amayi anakasinjira kwa eni, dzuwa lili pamutu. Anabwereka chaka china chathunthu, manong'onong'o ali pamsana, mpaka mphepo itagwetsa m'bawa ku dimba la abale athu. Umenewo agogo anaulawa, nagwedeza mutu, nawasemera mtondo. Unali wotsiriza pa moyo wawo. Bondo lija silinachire, ndipo sanayendenso kupitirira pa mtsinje.

Atsibweni sanavomere mpaka imfa yawo. Anakalamba kwambiri, mano onse anatha, ndipo pa mowa uliwonse ankati, "Bambo anaononga mtondo wabwino, nkhuku ili yamoyo." Ine ndinkawasiya anene. Munthu amadandaula ali moyo.

Ndinamaliza sukulu imene inalipo, ndinaphunzira ukalipentala, ndipo ndakalambira pa ntchito imeneyi ku Mponela kuno. Mitengo yabwino inatha, ndiye anthu amabwera ndi zakale: zitseko za nyumba zogumuka, mitanda ya zigafa yakuda ndi mwaye, matabwa opakidwa penti pamwamba pa penti. Zambiri ndimazidziwa ndikangopala. Zina zimandikanika, ndipo ndimanena poyera kuti zandikanika.

Mwezi wathawu mnyamata wina anabwera ndi mtanda wolemera, wofiirira, ataumanga pa njinga. Ati ndimudulire mithiko, zipande ndi thabwa lodulirapo nyama, mkazi wake akuyamba kuphika zogulitsa pamsika. Ndinapala, ndinanunkhiza, sunandiuze kanthu. Ndinamufunsa kumene wautenga. Anati anagula kwa munthu. Ndinati apite akamufunse munthuyo, ndipo munthuyo akafunse amene anamugulitsa.

"Madala, nthawi imeneyo ine ndilibe," anatero. Anamanganso mtanda wake, nakankha njinga kulowera kwa anyamata a kuseri kwa msika, amene amadula chilichonse chimene chabwera.

Ndinavala nsapato, ndinatseka chitseko, ndinatenga ndodo, ndinamutsatira.